Mwala wa Bondo la Apongozi

Pali anthu ena amene Mulungu anawapatsa nzeru zambiri n'kuiwala kuwaikira mabuleki, ndipo mmodzi mwa iwo anali a Kandakanda. Ntchito yawo inali yoyesa ndi kupala miyala yamtengo wapatali, m'kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi mayi wogulitsa mikanda. Pa ntchitoyo panalibe wowaposa. Ukawabweretsera mwala ankausuzumira ndi kagalasi kawo ka diso limodzi, kuuika pasikelo, kenaka n'kutulutsa kampeni m'thumba la malaya. Mwala ukalola kukandika ankadziwa mtundu wake, ukakana ankadziwanso. Dzina lija linachokera pamenepo, lenileni linangotsala pachitupa.

Vuto linali loti chala chawocho sichinkadziwa kuweruka. Kunyumba anakanda zenera la pabalaza kuti aone ngati linali galasi lenileni. Anakanda mbale zadothi zimene akazi awo ankasungira alendo, zonse zisanu ndi imodzi, ati chifukwa mbale imodzi si umboni. Tsiku limene anakanda magalasi atsopano a akazi awo n'kulengeza mosangalala kuti anali apulasitiki, mayiwo anawavala magalasiwo, n'kuwayang'ana amuna awo kudzera pamzere umene unadutsa pakati pa diso lamanja.

"Abambo, mukadzakandanso kanthu kena m'nyumba muno, bokosi lanu la zida lituluka pakhomo apo. Inu muli pambuyo pake."

Mayiwo anali namwino. Munthu amene amabaya jakisoni tsiku lonse sanena chinthu kawiri, ndipo a Kandakanda, amene ankawakonda akazi awo kuposa momwe ankaonetsera, anachita mantha enieni. Kwa miyezi isanu sanakande kanthu kupatula mutu wawo.

Kenaka kunabwera apongozi, mayi ake a namwino, kudzakhala masabata atatu. Anali mayi wamfupi, wa nkhani zambiri ndi bondo limodzi lovuta. M'mawa ndi masana ankakhala pampando wa pafupi ndi zenera, kumasula kansalu, n'kutulutsamo mwala waukulu ngati dzira la nkhunda, wapepo ngati khungu la biringanya. Ankasisita nawo bondo lija mozungulira uku akuusa moyo mokhutira.

"Ametisiti ameneyu, akamwini," anatero tsiku loyamba pa tiyi. "Anandipatsa malemu bambo ake a uyu. Bondo ili layenda zaka makumi atatu ndi mwala umenewu."

A Kandakanda anauyang'ana mwalawo ali tsidya la tebulo, chala chinayamba kuyabwa. Ametisiti amanyezimira ngati galasi lotsukidwa kumene, ndipo ngodya zake sizibuntha msanga. Uwu unali wofooka kuwala ngati switi yoyamwidwa kale, ngodya zonse zitatha.

"Kodi, amayi, pogula anawapatsa pepala lake?"

Phazi la namwino linawapeza pansi pa tebulo, ndipo funso linathera pomwepo.

Koma mumtima funso silifa ndi phazi. Pali mwala wina, fulorayiti, umene umabwereka mtundu wa ametisiti mpaka kupusitsa ogula, ndipo a Kandakanda ankadana nawo ngati mnzawo wowalanda malo. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala, umene umayambira pa chimodzi n'kukathera pa khumi pamene pamakhala dayamondi, ametisiti amakhala pa zisanu ndi ziwiri, fulorayiti pa zinayi basi. Mpeni uli pakati pawo. Ukaukhudzitsa pa ametisiti umangoterereka, koma pa fulorayiti umalemba ngati choko. Nkhani yonse ikanatha m'kuphethira kwa diso, ndipo kampeni kanali m'thumba momwemo. Masiku atatu anapirira. Ankamwa tiyi atakhalira dzanja lamanja, mpaka apongozi anafunsa mwana wawo mwamseri ngati akamwini ali ndi chithupsa.

Tsiku lachinayi anabwera kunyumba masana kudzadya. Namwino anali kuntchito. Apongozi anali atagona tulo pampando wawo, kukamwa kuli yasa, mwala uli patebulo pamwamba pa kansalu kake, dzuwa likuuwalira ngati likuchita dala.

"Kungokhudza," anadziuza a Kandakanda. "Kukhudza si kukanda."

Anatengera mwalawo kukhitchini n'kuukhudza. Kampeni kanalowa mofewa, kanasiya kamzere koyera. Chimwemwe chimene anamva sindingachifotokoze, munthu wamkulu anavina yekha pakati pa sinki ndi firiji. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Zinawabwerera kuti mzere umodzi si umboni, ndipo anaganiza zougogoda pang'ono ndi chigwiriro cha mpeni kuti amve kalizidwe kake. Anagogoda kamodzi. Mwala unangoti phwa, zidutswa ziwiri.

Ndikuuzani zoona, chinthu choyamba chimene anachita sichinali kulira. Anatulutsa kagalasi kaja n'kuyamba kusirira. Ametisiti akasweka amasweka ngati botolo, mokhotakhota, koma fulorayiti ali ndi njira zake zong'ambikira, ndipo apa anang'ambika mosalala ngati sopo wodulidwa ndi ulusi. "Taonani kukongola," ananong'ona. Ndipamene anamva apongozi akutsokomola pabalaza, nzeru zinabwerera.

Analowetsa zidutswazo m'thumba n'kusuzumira pakhomo.

"Amayi, mwala wanu uja wada. Ndautenga ndikautsuke kuntchito ndi makina."

"Ha, akamwini anga awa! Mulungu akudalitseni. Musauchedwetse, bondo silidikira."

Kuntchito anatseka chitseko n'kukhuthula kabati yonse. Anapeza ametisiti weniweni, wa mtundu wofanana ndithu, ndipo anayamba kumupala pagudumu. Inali ntchito ya masiku awiri. Popeza fulorayiti amalemera kuposa ametisiti wa msinkhu womwewo, watsopanoyo anamukulitsako pang'ono kuti dzanja lisazindikire. Ngodya anazibunthitsa, kuwala anakuchepetsa ndi pepala lokhakhala, zimene zinawapweteka mtima ngati munthu wothira dothi pa nsapato yopolisha. Pomaliza anazimitsa getsi n'kuunikira miyala yonse ndi tochi yawo yoyesera, ya kuwala kwapepo. Zidutswa za apongozi zinayaka buluu ngati lawi la gasi, watsopano uja anangokhala bii. Izi sizinawadetse nkhawa, apongozi analibe tochi yotero.

Chinatsala n'chimodzi chimene sichinali m'mabuku awo. Mutu umodzi susenza denga, choncho anameza manyazi n'kugogoda kwa mayi wa mikanda, amene ankagulitsanso miyala yochiritsa, ndipo a Kandakanda anakhala akuwaseka zaka khumi.

"Achemwali, ndingofunsira mnzanga wina. Ametisiti amachiza chiyani?"

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Lero dzuwa latulukira kuti? Ametisiti ndi wa mtima, achimwene. Amaziziritsa mkwiyo, amabweretsa tulo, amachotsa ludzu la mowa."

"Nanga fulorayiti?"

"Ameneyo ndi wa mafupa, mano ndi molumikizira. Amasonkhanitsanso maganizo obalalika. Mnzanuyo ngati ali ngati inu, mupatseni awiri."

"Ndiye wa bondo ndi uti?"

"Mwamva kale, mukufuna ndikulembereni?"

"Koma zimenezi munaziyesa bwanji? Pali sikelo yake?"

"Inu mumayesa miyala, ine ndimayesa anthu. Komanso mwala watsopano saugwiritsa ntchito usanadye kuwala kwa mwezi."

"Zabodza zokhazokha," anatero a Kandakanda potuluka. Atafika m'chipinda chawo anaganiza kuti mwezi analibe nthawi youdikira, ndipo anamuika ametisiti uja pansi pa getsi lalitali la kudenga kwa maola awiri, akumutembenuza kuti adye mbali zonse.

Apongozi analandira mwala ndi manja awiri. Anautembenuza kamodzi, anaufufuza ndi chala, kenaka anati, "Wayera, akamwini. Zikomo." A Kandakanda anapuma mpweya umene anausunga masiku awiri.

Tsiku lotsatira apongozi anasisita bondo pang'ono n'kugona. Linalo anagona m'mawa, anagonanso masana. Nkhani zawo zinachepa, sanakalipire wailesi, sanadandaule ngakhale za mchere. Koma bondo linayamba kutupa, ndipo pofika Lachisanu ankayenda atagwira khoma.

A Kandakanda anasokonezeka mutu. Tulo ndi mtima wozizira, si zimene ananena mayi wa mikanda zija? Nanga bondo bwanji linadikira fulorayiti achoke kuti lipanduke? Munthu wina akanapemphera, wina akanaulula. Iwo anaganiza zoyesa. Vuto linali loti mawondo awo onse anali abwinobwino, ndipo sungayese mankhwala pa munthu wosadwala. Choncho anatseka chitseko cha kuntchito, anapinda buluku, n'kugundira bondo lamanzere pamwendo wachitsulo wa benchi. Anagundiranso lamanja. Lamanja linapweteka kwambiri, ndiye anabwerera kulamanzere kukawonjezera, chifukwa kuyesa kumafuna chilungamo. Telala anagogoda pakhoma kufunsa ngati kwalowa akuba.

Kumanzere anamangirira chotsalira cha ametisiti, kumanja chidutswa cha apongozi, ndipo anakhala ndi kabuku akulemba ululu ola lililonse. Madzulo zotsatira zinali zomveka bwino: mawondo onse awiri anatupa mofanana. Anabwerera kunyumba akutsimphina mbali zonse ngati bakha.

"Inunso?" anatero namwino atawaona. "M'nyumba muno mwalowa mliri wa mawondo? Vulani ndione."

"Ayi, amayi, ndi nyengo chabe."

"Nyengo yomenya mawondo okha? Chabwino. Koma amayiwa Lolemba ndikupita nawo kwa dokotala. Sindikumvetsa, bondo limeneli silinafikepo apa."

Mawu amenewo anawabaya a Kandakanda kuposa benchi ija. Apongozi aja ankawasungira mbali yofewa ya buledi, ankawaikira kumbuyo pa mikangano yonse, ndipo tsopano ankagwira khoma chifukwa cha iwo. Anachita manyazi, koma mantha anali akulu kuposa manyaziwo, ndipo sanaulule.

Loweruka namwino anapita kuntchito m'mawa. A Kandakanda ankati azembe, koma mawu anawapeza ali pakhomo.

"Akamwini, tabwerani. Kokani mpando."

Anakhala pansonga ya mpando. Apongozi anaika ametisiti uja patebulo n'kumukankhira kwa iwo ndi chala chimodzi.

"Mwala uwu ndi wokongola. Wanga uli kuti?"

"Amayi, ndi womwewo, kungoti makina aja..."

"Bambo, ndakalamba maso, sindinakalambe chala. Wanga kumbuyo kwake kuli kadzenje."

A Kandakanda anakumbukira. Kadzenjeko anakaona ndithu. Anakatenga ngati chilema cha mwala wotchipa, ndipo popala watsopano anakakonza, akudziyamikira.

"Malemu anali dalaivala wa malole," apongozi anapitiriza. "Mwala umenewo unkakhala m'thumba mwawo, maulendo onse akuusisita ndi chala chachikulu kuti asawodzere. Bondo langa litayamba, ndi iwo ankandisisita, m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, chala chili pomwepo. Atapita, ndinaika changa pamene panali chawo. Uwu wanu ndafufuza mbali zonse, mulibe munthu."

Apongoziwo sanali kugona chifukwa cha ametisiti. Ankangotseka maso kuti mwana wawo asaone kuti akulira, ndipo bondo analisiya osalisisita sabata yonse. A Kandakanda anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire. Ankadziwa bwino lomwe kuti fumbi la m'manja lili ndi timchenga tolimba kuposa fulorayiti, moti chala chikhoza kukumba mwala wofewawo pang'onopang'ono zaka zikamapita. Ametisiti wawo wolimbayo, ngakhale umusisite mpaka chala chithe, sangakukumbukire.

Anatulutsa zidutswa zija m'thumba n'kuziika patebulo. Mwamwayi mng'alu unadutsa m'mbali, kadzenje kanatsala kathunthu pachidutswa chachikulu. Apongozi anachitola, chala chinapita chokha pamalo pake, ndipo anatseka maso.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Namwino anali ataiwala makiyi a kabati ya mankhwala. Anaima pakhomo, maso ake anayenda kuchoka pa amayi ake, kupita pa amuna ake, n'kukaima pa miyala iwiri imene inali patebulo ndi wachitatu m'manja mwa amayiwo, pomwe pankayenera kukhala umodzi.

"Chachitika n'chiyani apa?"

"Palibe, mwanawe," anayankha apongozi msangamsanga. "Mwala wanga wakalamba ngati mwini wake. Ndinausiya pazenera, dzuwa linauwomba, unangosweka wokha. Akamwini andipangira wina, taona kukoma mtima."

Khomo lothawira linali lotseguka, lalikulu ngati la galaja. Chimene a Kandakanda ankayenera kuchita chinali kutseka pakamwa basi. Analuma mlomo. Anakhalira dzanja. Thukuta linatsika. Koma bodza lonena za munthu akanalipirira, lonena za mwala linawakanika.

"Pepani amayi, dzuwa la pazenera silingang'ambe choncho," anaphulika. "Kutentha kukaswa mwala ming'alu imayenda mbali zambiri. Apa pang'ambika njira imodzi, ndipo mukaona pakona apa pali kachizindikiro koyera pamene panagunda chinthu cholimba, monga chigwiriro cha..."

Anaima. Apongozi anagwira kumutu.

"Cha chiyani?" anafunsa namwino mofatsa.

"Cha mpeni."

"Wa ndani?"

"Wanga, amayi."

Namwino anatola chidutswa chaching'ono, anachiyandikizitsa kumagalasi ake okandika aja, ndipo anapeza kamzere koyera. Sanakalipe. Analowa kuchipinda, ndipo anamveka akukoka chinthu cholemera pansi pa bedi. Anatuluka atanyamula bokosi la zida, tupa ndi mapulayala zikulira m'kati, n'kulunjika kukhomo. A Kandakanda anaimirira ndi mawondo awo otupa, okonzeka kutsatira monga mwa pangano, misozi ili m'maso.

"Iwe, taima," anatero apongozi.

"Amayi, musalowerere. Ndinawachenjeza. Mwala wa bambo anga, ametisiti wa bambo anga!"

"Ametisiti wake uti? Bambo ako anagula mwala umenewu m'mbali mwa msewu kwa munthu wogulitsanso malamba. Anandiuza kuti ndi wa mafumu a kunja. Chaka chisanathe ndinadziwa kuti andinamiza, kunali mayi wina kwathu amene anali ndi weniweni."

"Munkadziwa?" anafunsa a Kandakanda, pakamwa pali pululu.

"Nanga ndikanatani, ndiwachititse manyazi? Ankasisita bwino." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Tamvera, mwanawe. Ine ndinasunga mwamuna amene anandinamiza zaka zonsezo nkhope ili gwa. Iwe uli ndi mwamuna amene walephera kunama ngakhale ndikumunamira ine kuti apulumuke. Chitsiru ndi chitsiru ndithu, sindikukana. Koma chamtundu umenewu sataya, sichipezeka."

Namwino anayang'ana bokosi limene linali m'manja mwake. Kenaka analiika pansi, mkati mwa nyumba, ngakhale kuti linali pafupi kwambiri ndi chitseko. Anabwera kwa amuna ake, anapisa dzanja m'thumba la malaya awo, anatulutsa kampeni kaja n'kukaika m'thumba la yunifolomu.

"Kwa dokotala tikupitabe Lolemba," anatero. "Nonse awiri."

Chitseko chitatsekeka, apongozi anatambasula mwendo n'kuuika pakampando.

"Gwadani apa, akamwini. Sabata yonse bondo ili lakhala lamasiye chifukwa cha inu."

Kugwada kunali kowawa, koma anagwada. Apongozi anawaika chidutswa chija m'manja, anagwira chala chawo chachikulu n'kuchilowetsa m'kadzenje muja. Chinakwana pang'ono chabe, malemu anali ndi chala chachikulu ndithu. A Kandakanda anatsegula pakamwa kuti afotokoze za timchenga ta m'fumbi, koma anazisiya, ndipo anangoyamba kuzunguliza mwalawo pabondo mosamala.

"Osakanda, bambo. Kusisita," anatero apongozi, maso atatseka. "Tsikani pang'ono. Eya, pamenepo."